Masheya a makampani a memore pa nthawi ya AI: chikuwakweza n'chiyani, nanga chingawagwetse n'chiyani?

M'chaka chake cha zachuma cha 2023, kampani ya Micron ya ku America inaluza madola 5.8 biliyoni. Tizipangizo ta memore timene imapanga tinangoti mbwee mosungiramo katundu, ogula kulibe, mpaka inachotsa antchito ena n'kuchepetsa zopanga. Patangodutsa zaka ziwiri, m'chaka cha zachuma cha 2025, kampani yomweyo inagulitsa katundu wa madola 37.4 biliyoni, zomwe inali isanachitepo chiyambire, ndipo mtengo wa masheya ake unakwera kuposa katatu m'chaka cha 2025 chokha. Masheya a SanDisk, Western Digital ndi Seagate nawonso anali m'gulu la amene anakwera kwambiri pa msika wa ku America chaka chimenecho.

Ambiri anadabwa. Dzina limene linkamveka pa nkhani za AI, amene ndi mapulogalamu a kompyuta otha kulemba, kuyankha mafunso ndi kujambula ngati munthu, linali la Nvidia, kampani yopanga tizipangizo timene timayendetsa mapulogalamu amenewa. Nanga makampani opanga memore ndi zosungira deta, amene kwa zaka zambiri ankaonedwa ngati ogulitsa katundu wamba, alowa bwanji m'bwalo? Ndipo munthu amene ali ndi kandalama kake kosunga, akamva kuti "gulani masheya a memore, AI ikuwafuna", amve chiyani kwenikweni?

Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani. Mukagula sheya, phindu la kampaniyo likakula mtengo wa kagawo kanu umakonda kukwera, likachepa umatsika. Choncho funso lenileni si lakuti AI ikufuna memore kapena ayi. Ikuifuna, ndipo palibe amene akutsutsa zimenezo. Funso ndi lakuti phindu la makampaniwa likhala lalikulu chonchi kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mtengo wa masheya umene ulipo waliwerengera kale phindulo kufika pati.

Memore ndi chosungira si chinthu chimodzi

Tiyambe ndi kusiyanitsa mawu, poti pa nkhaniyi amasokonezedwa kawirikawiri. Deta ndi chilichonse chimene kompyuta imasunga kapena kugwiritsa ntchito: zolemba, zithunzi, mawu, manambala. Chip ndi kachipangizo kakang'ono ka silikoni kokhala ndi timawaya ndi timaswitchi mabiliyoni tosaoneka ndi maso.

Ganizirani munthu amene akugwira ntchito mu ofesi. Ali ndi tebulo limene wayalapo mapepala amene akuwagwiritsa ntchito panopa, ndipo kumbuyo kwake kuli kabati ya mafailo. Tebulo ndi laling'ono koma chilichonse chili pafupi ndi dzanja. Kabati imalowa zambiri koma kuti apeze pepala ayenera kudzuka, kutsegula, kufufuza.

Tebulolo ndi DRAM, memore yogwirira ntchito. Inatulukiridwa ndi Robert Dennard wa ku IBM m'zaka za m'ma 1960. Imasunga deta ngati timphamvu ta magetsi m'timabokosi tating'ono kwambiri timene timadontha, moti chip imachita kudzazanso timabokosito kangapo pa sekondi iliyonse. Magetsi akazima, zonse zimafufutika. Ubwino wake ndi liwiro.

Kabatiyo ili ndi mitundu iwiri. Woyamba ndi NAND, imene ili m'mafoni, m'mamemore kadi ndi m'ma SSD, omwe ndi madisiki opanda chozungulira mkati. NAND siiwala magetsi akazima. Inachokera ku Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980, pa ntchito imene ankatsogolera Fujio Masuoka. Masiku ano imamangidwa ngati nyumba yosanja, ndipo nsanjika zake zimaposa 200. Mtundu wachiwiri ndi hard disk, mbale zozungulira zosunga deta ndi maginito. Ndi yakale komanso yochedwa, koma pa terabayiti iliyonse, womwe ndi muyeso wa deta wokwana magigabayiti 1,000, imatchipa kwambiri kuposa SSD. N'chifukwa chake deta yambiri ya m'nyumba zikuluzikulu za makompyuta, zimene amati data centre, ikadali pa hard disk.

Opanga zinthu zimenezi ndi owerengeka. Pa DRAM, makampani atatu ali ndi gawo la msika loposa 90 peresenti: Samsung ndi SK Hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku Boise m'chigawo cha Idaho. Pa NAND atatu omwewa alipo, kuonjezerapo Kioxia ya ku Japan, SanDisk ya ku America ndi YMTC ya ku Wuhan ku China. Pa hard disk atsala atatu basi: Seagate, Western Digital ndi Toshiba. Dziwani kuti SanDisk inali mbali ya Western Digital kuyambira 2016 mpaka mu February 2025 pamene inapatulidwa n'kukhala kampani payokha, choncho lero kugula masheya a Western Digital ndi kugula bizinesi ya hard disk, osati ya NAND.

N'chifukwa chiyani AI ili ndi njala ya memore?

Pulogalamu ya AI ngati ChatGPT, imene inatulutsidwa pa 30 November 2022, mkati mwake ndi mulu wa manambala mabiliyoni ambiri amene inawapeza pophunzitsidwa. Kuti ilembe liwu limodzi lotsatira, chip yowerengera iyenera kudutsa m'manambala amenewo. Ikamaliza, ibwerezanso pa liwu lina, ndi linanso, mpaka yankho lithe.

Tiwerengere limodzi. Pulogalamu yokhala ndi manambala 70 biliyoni, nambala iliyonse ikamatenga mabayiti awiri (gigabayiti imodzi ndi mabayiti biliyoni imodzi), imafuna malo okwana magigabayiti 140 kuti ingokhala pa tebulo lija, isanayambe n'komwe ntchito. Chip ya Nvidia yotchedwa H100, imene inatchuka kwambiri mu 2023, ili ndi memore ya magigabayiti 80. Ndiye kuti pulogalamu yotere siingakwane mu chip imodzi. Pamwamba pa apo, AI imafuna malo ena osungiramo zonse zimene mwakambirana nayo kuyambira poyamba, ndipo malowo amakula zokambirana zikamatalika komanso anthu ofunsa nthawi imodzi akamachuluka.

Kukula kwa malo ndi vuto limodzi. Lina ndi liwiro. Ma chip owerengera akhala akufulumira kwambiri kuposa mmene memore ikufulumirira, moti nthawi zambiri chip yodula kwambiri imangokhala manja lende kudikira kuti manambala afike. Zili ngati mmisiri waluso womanga khoma amene akumubweretsera njerwa imodziimodzi: kaya akhale wachangu chotani, khomalo likwera pa liwiro la wonyamula njerwayo.

Yankho la vutoli ndi HBM, mtundu wa DRAM umene SK Hynix inayamba kupanga mu 2013 mogwirizana ndi AMD, kampani ina yopanga ma chip owerengera. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tiyeni tiione bwinobwino.

Amatenga ma chip a DRAM n'kuwapala mpaka apyapyale kuposa pepala. Kenako amawasanjikiza, asanu ndi atatu kapena khumi ndi awiri, n'kuboola timabowo masauzande ambiri todutsa m'nsanjika zonse, n'kuthiramo kopa kuti magetsi aziyenda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mulu wonsewo kutalika kwake sikukwana milimita imodzi. Amauika pambali penipeni pa chip yowerengera, m'phukusi limodzi, kuti deta isamayende mtunda. Memore wamba ya kompyuta imatumiza deta kudzera m'tinjira 64 nthawi imodzi. Mulu umodzi wa HBM uli ndi tinjira 1,024, ndipo mtundu watsopano wa HBM4 uli ndi 2,048. N'chifukwa chake H100 imatha kukoka deta yoposa materabayiti atatu pa sekondi imodzi.

Kupanga chinthu chotere n'kovuta. Nsanjika imodzi ikalakwika pomangirira, mulu wonse umatayidwa. Ndipo chip iliyonse yatsopano ikufuna HBM yochuluka kuposa yam'mbuyo: H200 ya Nvidia yomweyo ili ndi magigabayiti 141, ndipo ma chip otsatira a mtundu wa Blackwell aposa pamenepo.

SK Hynix, imene inakakamira HBM pa nthawi imene ogula anali ochepa, ndiyo inayamba kukolola. Mu 2023 inaluza ndalama za ku Korea zokwana won 7.7 thiliyoni pa ntchito zake; mu 2024 inapeza phindu la won 23.5 thiliyoni. Kumayambiriro kwa 2025, mabungwe ofufuza za msika ananena kuti yapitirira Samsung pa malonda a DRAM, malo amene Samsung inakhalapo zaka zoposa 30.

Mmene HBM inasowetsera zina zonse

Ma chip amapangidwa pa mbale yozungulira ya silikoni yotchedwa wafer, yotambalala masentimita 30, ndipo fakitale iliyonse ili ndi chiwerengero cha mbale zimene ingathe kukonza pa mwezi. Micron inanena kuti kupanga HBM ya mtundu wa HBM3E kumadya mbale zochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi kupanga DRAM wamba ya kukula komweko. Ndiye kampani ikasamutsira mbale zake ku HBM, imene ili ndi phindu lalikulu, DRAM ya mafoni, malaputopu ndi magalimoto imachepa pa msika. Chikasowa, mtengo umakwera. Izi ndi zimene zinachitika m'miyezi yomaliza ya 2025, pamene mitengo ya memore wamba inakwera mofulumira kwambiri. Mu December chaka chomwecho Micron inalengeza kuti ikusiya kugulitsa memore ya Crucial kwa anthu wamba kuti katundu wake azipita kwa makasitomala akuluakulu a ma data centre.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa wogula masheya. Gawo lalikulu la phindu limene makampaniwa akupeza silikuchokera ku HBM yokha, koma ku kukwera mtengo kwa memore wamba imene yasowa chifukwa cha HBM. Ndipo memore wamba ndi imene mtengo wake umagwa msanga zinthu zikatembenuka.

Ku mbali ya zosungira, nkhani ndi yosavuta. AI imaphunzitsidwa ndi deta yochuluka, imatulutsanso zithunzi, mavidiyo ndi zolemba zofunika kusungidwa. Opanga hard disk, atapsa m'zaka zam'mbuyo, sanathamangire kumanga mafakitale atsopano. M'malo mwake akuonjezera deta imene disiki imodzi ingasunge, ndipo Seagate ili ndi madisiki a materabayiti 30 kupita m'tsogolo. Madisiki atayamba kusowa, ogula ena anatembenukira ku SSD, n'kukweza mitengo ya NAND nayonso.

Gudumu limene limazungulira

Bizinesi ya memore ili ndi khalidwe limene aliyense amene wakhalamo nthawi yaitali amalidziwa, ndipo ndi limene ndikufuna owerenga alimvetse kuposa china chilichonse m'nkhani ino.

Gigabayiti ya DRAM wamba yochokera ku Samsung siisiyana kwenikweni ndi yochokera ku Micron. Wogula amangoyang'ana mtengo. Pamene fakitale yatsopano imadya madola 15 biliyoni kapena kuposa, ndipo imatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti iyambe kutulutsa katundu. Ikangoyamba, kuiimitsa n'kuluza kwambiri, chifukwa ndalama zambiri zinalowa kale m'makina. Choncho imapitiriza kupanga ngakhale mtengo utagwa.

Ikani zinthu ziwirizi pamodzi. Mitengo ikakwera, makampani onse amaona phindu n'kuganiza zomanga nthawi imodzi. Zili ngati alimi amene aona kuti mbewu inayake yagulidwa bwino chaka chino, onse n'kuidzala chaka chamawa. Pokolola, msika wadzaza, mtengo wagwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi amadikira miyezi, pamene wa memore amadikira zaka, ndipo zakazo zikamatha ogula amakhala asintha kale maganizo.

Ogulawo nawonso amakuza vutoli. Akaona kuti katundu akusowa, amaoda wochuluka kuposa amene akufunikira, ena mpaka kuoda kwa makampani awiri nthawi imodzi kuopa kusowa. Opanga amaona maoda ambiri n'kumayesa kuti onsewo ndi enieni. Tsiku limene katundu wayamba kupezeka mosavuta, ogula amasiyiratu kuoda n'kuyamba kudya zimene anaunjika. Malonda amangoti zii mwadzidzidzi.

Zachitikapo kangapo. Intel, imene inatchukitsa DRAM ndi chip yake ya 1103 mu 1970, inachoka mu bizinesiyi mu 1985 italephera kupikisana mitengo ndi makampani a ku Japan. Qimonda ya ku Germany inagwa mu 2009. Elpida, kampani yomaliza ya DRAM ya ku Japan, inagwa mu 2012 ndipo Micron inaigula chaka chotsatira. Mu 2017 ndi 2018 kunali kukwera kwakukulu, koyendetsedwa ndi ma data centre ndi mafoni, ndipo panali akatswiri amene ankati gudumu lasiya kuzungulira. Malonda a Micron anatsika kuchoka pa madola 30.4 biliyoni m'chaka cha zachuma cha 2018 kufika pa 23.4 biliyoni mu 2019. Nthawi ya mliri wa Covid-19 anthu anagula makompyuta ambiri ogwirira ntchito kunyumba, mitengo inakweranso, kenako malonda a Micron anagwa ndi theka, kuchoka pa madola 30.8 biliyoni mu 2022 kufika pa 15.5 biliyoni mu 2023. Chaka chomwecho nthambi ya ma chip ya Samsung inaluza won pafupifupi 15 thiliyoni.

N'chifukwa chiyani phindu limakwera ndi kugwa mwamphamvu chonchi? Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti kupanga chip kumadya madola 70 ndipo ikugulitsidwa madola 100. Phindu ndi 30. Mtengo ukakwera ndi 30 peresenti kufika pa 130, ndalama zopangira sizisintha, phindu limakhala 60: lawirikiza kawiri. Mtengo ukatsika ndi 30 peresenti yomweyo kufika pa 70, phindu lonse latha. Ndipo mitengo ya memore yagwapo ndi theka m'chaka chimodzi.

Msampha wa sheya looneka lotchipa

Poyeza ngati sheya ndi lodula kapena lotchipa, anthu ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa P/E. Amatenga mtengo wa sheya n'kuugawa ndi phindu la pachaka limene likugwera sheya limodzi. Sheya la madola 100 la kampani imene ikupeza madola 5 pa sheya lili ndi P/E ya 20. Nambala ikakhala yaing'ono, amati sheyalo latchipa.

Pa makampani a memore muyeso umenewu umanamiza. Pamene mitengo ya ma chip ili pachimake, phindu limakhala lalikulu kwambiri moti P/E imatsika kufika pa 5 kapena 6. Wongobwera kumene amaona ngati watola chikwama. Chonsecho msika wausiya mtengowo pansi dala, chifukwa ukudziwa kuti phindu lotere silikhalitsa. Mu 2018 masheya a Micron ankagulitsidwa pa P/E yosakwana 5, ndipo anagwa kwambiri m'theka lachiwiri la chakacho pamene kampani inali ikulengezabe phindu lalikulu. Pamene kampani ikuluza, P/E siwerengeka n'komwe, sheya limaoneka loopsa, koma kawirikawiri ndi pa nthawi yoteroyo pamene mtengo wake umayamba kukwera. Masheya a memore amathamangira kutsogolo kwa phindu ndi miyezi ingapo, pokwera ndi potsika pomwe.

Ndiye mutu wa nkhani wakuti "kampani yapeza phindu lalikulu kuposa kale lonse" sukuuzani chimene sheya lichite mawa. Ukuuzani za dzulo.

Kodi ulendo uno zinthu zasintha?

Apa ndi pamene anthu odziwa bwino nkhaniyi amasiyana maganizo, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka.

Amene akuti zasintha amayamba ndi HBM. Si katundu wamba woti wogula angosintha wogulitsa tsiku lililonse. Imapangidwa mogwirizana ndi wopanga chip yowerengera, iyenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa, ndipo imagulitsidwa pa mgwirizano umene kuchuluka ndi mtengo zimakambidwa chaka chisanayambe. SK Hynix ndi Micron akhala akulengeza kuti HBM yawo ya chaka chotsatira yagulidwa kale yonse. Amanenanso kuti kale opanga DRAM anali ambiri, aliyense akulimbirana msika, pamene lero ndi atatu amene anaphunzirapo kanthu pa kuluza kwa 2023. Kenako amaloza kukula kwa ndalama zimene zikulowa: Amazon, Microsoft, Alphabet ndi Meta pamodzi anaononga madola oposa 300 biliyoni mu 2025 pa zomangamanga ndi zipangizo, zambiri mwa izo za ma data centre. Mu October 2025 OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inasainirana zikalata zosonyeza cholinga ndi Samsung ndi SK Hynix, zokamba za mbale za DRAM zofika 900,000 pa mwezi, lomwe ndi gawo lalikulu ndithu la DRAM yonse yopangidwa pa dziko.

Amene akukayika amatenga mfundo zomwezo n'kuzitembenuza. Ogula akuluakulu ndi ochepa kwambiri, ndipo akugula poyembekezera kuti AI idzawabweretsera ndalama zoposa zimene akuononga. Awiri kapena atatu mwa iwo atangochepetsa bajeti, maoda angagwe tsiku limodzi. Chikalata chosonyeza cholinga si ndalama yolipiridwa. Amakumbutsanso za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene intaneti inkakuladi monga ankanenera, koma amene anagula masheya a Cisco, kampani yopanga zipangizo za intaneti, pachimake mu March 2000 anadikira zaka zoposa 20 kuti mtengo ubwerere pomwe anagulira. Luso likhoza kukhala lenileni, wogula sheya n'kuluzabe chifukwa analipira mtengo wokwera kwambiri.

Pali china chimene sichidziwika kuti chikomera mbali iti. Akatswiri akupeza njira zochepetsera memore imene AI imafuna. Pa 27 January 2025, nkhani yoti kampani ya DeepSeek ya ku China yapanga pulogalamu yamphamvu pa mtengo wotsika inagwetsa masheya a Nvidia ndi pafupifupi 17 peresenti tsiku limodzi, ndipo a Micron nawo anatsika kwambiri. Patapita miyezi mitengo inabwerera n'kupitirira, chifukwa AI ikatchipa anthu ambiri amaigwiritsa ntchito. Koma tsiku limenelo linaonetsa mmene masheya amenewa amanjenjemerera ndi nkhani imodzi yokha.

Ndale nazo zalowerera. Mu May 2023 boma la China linaletsa kugwiritsa ntchito ma chip a Micron m'ntchito zina zofunika za dzikolo. America inaika YMTC pa mndandanda wa makampani oletsedwa kugula luso lake mu December 2022, ndipo mu December 2024 inaletsa kugulitsa HBM yamakono ku China. Pa nthawi yomweyo China ikukuza makampani akeake, monga CXMT ya ku Hefei yopanga DRAM, amene akhoza kudzaza msika wa memore wamba ndi katundu wotchipa. Kampani yothandizidwa ndi boma siisiya kupanga chifukwa choti mtengo watsika, ndipo mfundo yoti opanga ndi atatu okha ikhoza kutha mphamvu pang'onopang'ono.

Chimene munthu amagula akati wagula "memore"

Makampaniwa safanana ngakhale amatchulidwa pamodzi. Micron, imene masheya ake ali pa msika wa Nasdaq, ndi ya memore yokhayokha, DRAM ndi NAND, choncho imakwera ndi kutsika ndi gudumu lonse. SK Hynix, pa msika wa ku Korea, ndiyo yadalira kwambiri HBM, ndipo mwayi wake wamangirirana ndi wa Nvidia. Samsung ndi chimkampani chopanganso mafoni, ma TV ndi zina zambiri. Memore ikakwera phindu limasungunuka m'zinazo, ikagwa zinazo zimachirikiza. Samsung inachedwa kuvomerezedwa ndi Nvidia pa HBM3E, ndipo kulowa kwake mwamphamvu mu HBM kukutanthauza mpikisano wokulirapo pa mitengo. SanDisk ndi Kioxia, imene inalowa pa msika wa masheya wa Tokyo mu December 2024, ndi a NAND, kumene opikisana ndi ambiri ndipo HBM kulibe. Seagate ndi Western Digital amadalira ogula ochepa akuluakulu a ma data centre.

Pali njira ina yotchedwa ETF, thumba limene limasonkhanitsa masheya a makampani ambiri n'kumagulitsidwa ngati sheya limodzi. Limateteza munthu ku tsoka la kampani imodzi, koma silimuteteza ku kugwa kwa gawo lonse, chifukwa makampani a ma chip amakonda kugwera limodzi. Ndiponso matumba ambiri a ma chip ali ndi Nvidia, Broadcom ndi ena ochuluka kuposa makampani a memore, choncho ndi bwino kuwerenga zimene zili mkati musanagule. Wogula masheya a dziko lina amasenzanso kusintha kwa mphamvu ya ndalama, kaya ndi dola, won kapena yen, kuphatikizapo misonkho ndi zolipira za kampani yomugulira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kugula masheya otere ndi ndalama ya ngongole, kapena ndalama imene munthu adzaifuna chaka chamawa. Sheya lotha kugwa ndi theka m'miyezi yochepa limafuna mwini wake wotha kudikira osagulitsa, ndipo wangongole sapatsidwa mpata wodikira.

Amene amatsatira bizinesiyi tsiku ndi tsiku sayang'ana kwambiri phindu lolengezedwa. Amayang'ana mitengo ya pa mgwirizano ya DRAM ndi NAND, imene mabungwe ngati TrendForce a ku Taiwan amafalitsa, makamaka ngati liwiro la kukwera kwake layamba kuchepa. Amayang'ana kuchuluka kwa katundu amene ali mosungiramo, kwa opanga ndi kwa ogula omwe. Amamvetsera miyezi itatu iliyonse zimene Amazon, Microsoft, Alphabet ndi Meta akunena za bajeti yawo ya chaka chotsatira. Ndipo koposa zonse amawerenga mafakitale amene akumangidwa, poti katundu wa mawa ali mmenemo. SK Hynix ikumanga ku Cheongju ndi ku Yongin, Samsung ikukuza malo ake a ku Pyeongtaek, Micron ikumanga ku Boise ndipo ili ndi pulani ina yaikulu ku Clay m'chigawo cha New York, mothandizidwa ndi madola oposa 6 biliyoni ochokera ku boma la America kudzera mu lamulo la CHIPS la 2022. Fakitale yoyamba ya ku Yongin ndi yatsopano ya ku Boise zonse zinakonzedwa kuti ziyambe ntchito cha m'ma 2027, ndipo katundu wake adzafika pa msika kaya ma data centre adzakhala akugulabe ngati lero kapena ayi.